Nangula Anali Kumapazi kwa Apongozi

Boti la ofesi yathu linali ndi nangula wa mtundu wake. Linali gudumu lachitsulo la lole yakufa, lomangidwa ku chingwe chomwe m'masiku ake abwino chinakokapo ng'ombe. Nangula weniweni, wa mano uja, ndinangomumva mbiri. Mdala yemwe ankayendetsa botilo ankati anagwera m'madzi, koma anthu a pamsika wa Feira ankati anamuona akusanduka makasu kwa wosula zitsulo. Ine ndinali kalaliki chabe, munthu wa ku Chipata wotumizidwa kukayang'anira za asodzi ndisanaphunzire n'komwe kusambira, choncho sindinafunse zambiri.

Zinali zaka zija nkhondo ya Rodeshiya inkatayikira kwathu. Tsidya lina la Zambezi kunali asilikali a azungu, tsidya lino asilikali athu, ndipo m'thengo kuseri kwa midzi munali makomuredi, anyamata omenyera dziko lawo, omwe aliyense ankawagulitsa nkhuku koma palibe anali atawaonapo. Lamulo la pamtsinje linali losavuta. Dzuwa likalowa, injini izime. Chilichonse cholira pamadzi kapena chokocheza kugombe mumdima chinkayankhidwa ndi mfuti, ndipo mafunso ankabwera m'mawa.

Mkazi wanga anali wa ku Kavalamanja, ndipo ankakhala komweko kwa amake, ali ndi pakati. Ine ndinali ndi nyumba ya boma ku Feira, ya malata, ya zipinda ziwiri, momwe ndinkagona ndekha ndi makoswe. Ndinkafuna kumutenga. Msasa wa makomuredi unali kuseri kwa mudzi wawo, ndipo sipankafunika sukulu yambiri kudziwa komwe ndege zidzagwetse katundu wake tsiku lina. Koma kumeneko mkazi sachoka pamudzi pa amake chifukwa choti mwamuna wachita mantha. Amake ayenera kuvomera, ndipo amakewo mkamwini saloledwa kukamba nawo.

Mwambo umenewu ndinausunga mpaka unandisiyira zipsera. Ndikaona apongozi akubwera m'njira, ndinkalumphira m'tchire, ndipo tchire la ku Kavalamanja lili ndi minga yomwe inalengedwera akamwini. Iwo akandiona ankatembenuka n'kuphimba mutu ndi chitenje. Ndinkawadziwa msana, zidendene ndi chifuwa. Nkhope ndinkangoilingalira poyang'ana ya mwana wawo. Mawu anga onse ankanyamulidwa ndi ankhoswe, bambo wina wofatsa yemwe ankapita ndi pempho langa n'kubwera ndi yankho lomwelija lakuti ayi. Ankhoswewo ananditsimikizira kuti pamudzipo palibe choopsa chilichonse, ndipo mwezi womwewo anasamutsa banja lawo lonse kupita ku Lusaka.

Ndinatsala wopanda pakamwa. Ndiye tsiku lina ndinamva kuti apongozi abwera ku chipatala cha pa Boma, ku Feira konkuno, kudzaonetsa bondo, ndipo akusowa chobwererapo chifukwa msewu unali utatsekedwa poopa mabomba okwirira pansi. Boti lathu linali ndi ulendo wa kumtunda. Ndinapangana ndi mdala kuti awanyamule, ine ndikwerenso, iye akhale nkhoswe wanga wa panjira. Ndinadziona wochenjera kwambiri tsiku limenelo.

Tinakhala monga mwa mwambo. Apongozi anali kutsogolo kwenikweni, atayang'ana komwe tikupita, chitenje kumutu, dengu pambali. Ine ndinali kumbuyo ndi mdala pafupi ndi injini. Pakati pathu panali benchi, ndipo benchi imeneyo inali malire olemekezeka kuposa aja a pakati pa mtsinje omwe maboma awiri ankaomberana. Tinanyamuka mochedwa, chifukwa mdala anali ndi wachibale woti atsanzikane naye, ndipo wachibaleyo ankatcheza kachasu.

Inali nyengo ya mphepo ija imakwera mtsinje molimbana ndi madzi n'kuutsa mafunde afupiafupi. Boti linkayenda ngati lole pamsewu wa mabampu. Dzuwa linayamba kufiira tikadali kutali ndi doko la pamudzi, ndipo mdala analiyang'ana ngati lamuchitira chinyengo. Anazimitsa injini pamalo pomwe mtsinje unadya gombe lathu n'kusiya bwalo lalikulu la madzi. Panalibe bango, panalibe mtengo wogwera m'madzi, panalibe chilichonse chobisalako. Mphepo inkalowa mmenemo mwaufulu, ndipo aliyense wa tsidya wokhala ndi maso akanatha kutiwerenga.

Ndinafunsa bwanji osakocheza kumtunda. Mdala anati gombe limenelo asilikali athu analibzala, ndipo sanabzale chinangwa. Ndinafunsa za kachilumba komwe tinadutsa, iye anati kumeneko ndi kuchipinda kwa mvuu. Anakwawira kutsogolo akuwombera m'manja mopepesa, anaponya gudumu m'madzi, anamanga chingwe mwachangu, n'kubwerera. Anatiuza kuti tigone mwamtendere, chifukwa nangula ameneyu sanamukhumudwitsepo.

Mdima unagwa. Boti linkagwedera, madzi ankalowa pang'onopang'ono, ine n'kumakapa ndi chitini cha mafuta. Tiyi yemwe ndinamwa ku Boma anayamba kufunsa njira yotulukira, koma munthu sungachite zimenezo apongozi ali pomwepo, choncho ndinapana miyendo n'kuganiza za Mulungu. Kenako ndinanong'oneza mdala kuti nthawi ndi ino, apereke pempho langa.

Botilo linali lalifupi moti apongozi anamva liwu lililonse lomwe ndinanong'ona. Komabe anadikira kuti mdala abwereze zonse, ndipo iye anabwereza ndi zokometsera zake: nyumba ya malata, chipatala pafupi, mpopi wa madzi, mwana wobadwira m'manja mwa anamwino. Atamaliza, iwo anayankha akuyang'ana kumdima wa kutsogolo.

"Muwauze kuti mwana wangu ni mbuzi lini, yotenga chifukwa munthu wamanga khola la malata."

Mdala anatembenukira kwa ine n'kundiuza kuti amayi akuti mwana wawo si mbuzi. Ndinamuthokoza chifukwa cha uthengawo. Ndinati awauze za msasa uja ndi za ndege. Yankho linabwera lalitali. Anati nkhondoyo ndi ya eni ake, ndege zakhala zikudutsa ndipo zimadutsa. Mudzi wawo ndi waung'ono, uli m'mitengo, palibe mzungu angataye bomba lake pa nyumba za udzu zomwe sangazione n'komwe. Anati anthu a boma amatenga mwana wa munthu kupita naye pa Boma, mawa amutenga kupita ku Kabwe, ndipo adzukulu amabwera atakula akulankhula Chibemba. Anamaliza ndi kufunsa ngati boma lomwe likufuna kusunga mwana wawo ndi lomweli limaimika boti lake ndi phazi la lole. Funso limeneli mdala sanalibwereze.

Ndinapsa mtima. Ndinkawada mayi amenewo usiku umenewo, ndipo chinkandipweteka kwambiri n'chakuti za ku Kabwezo sankanama.

Pagombe lathu panali mlambe waukulu womwe unkaoneka ngakhale mumdima, ndipo mdala ankauyang'ana kawirikawiri. Mwadzidzidzi ndinamumva akutukwana chapansipansi. Mlambe unali utayamba kuyenda. Pansi pa boti pankamveka kunjenjemera, gudumu likukhukhuluzika pamchenga. Kenako kunjenjemerako kunatha, ndipo mdala anati zimenezo ndiye zoipa kwambiri, chifukwa gudumu likulendewera m'madzi akuya. Madzi a pamalopo akatuluka m'bwalo lija amalunjika tsidya lina. Tinali pa ulendo wa ku Rodeshiya opanda chiphaso.

Chifukwa chake chinadziwika pomwepo. Nangula amafuna chingwe chachitali kuti agone pansi n'kugwira, koma mdala anaponya chachifupi. Chotsalacho chinali chokulungidwa kutsogolo, apongozi atachikhalira, ndipo iye anachita manyazi kuuza mayi wamkulu kuti anyamuke. Ulemu wathu unatifikitsa pamenepo.

Injini sikanalizidwa. Mdala anagwira nkhafi kumbuyo kuti boti lisapingase kumafunde, ndipo anati akaisiya tigubuduka. Gudumu linayenera kukokedwa kulowa m'boti kuti athe kupalasa kubwerera kosaya, ndipo linali lolemera kuposa mphamvu za mayi wa bondo lotupa. Ndinanyamuka, ndinafika pa benchi ija, n'kuima. Miyendo inakana yokha. Apongozi nawo anamva kuti ndayandikira, ndipo anadzikulunga kwambiri m'chitenje.

Tsono tinayamba zokambirana. Ndinapempha mdala kuti afunse ngati ndingadutse. Mdala, akupalasa thukuta lili kamukamu, anafunsa. Apongozi anati sizingatheke, mkamwini sakhudzana phewa ndi mpongozi wake pokhapokha atadya chochokera m'manja mwawo, ndipo mwambo umenewo umachitika pamudzi, mwana atabadwa, pali nkhuku ndi mboni. Mdala anati mboni ndi iyeyo, ndipo tikachedwa mboni zina zikudikira tsidya ndi mfuti. Tinamva dengu likufufuzidwa mosafulumira konse. Kenako dzanja linabwera chakumbuyo n'kuika chinthu pa benchi.

Inali mbatata yophika, yozizira, yaikulu ngati chibakera. Ndinaluma kamodzi n'kufuna kudutsa, koma mdala anati amayi akuti yonse. M'kamwa munali mouma ndi mantha, ndipo mbatata inali ya ufa ija imafuna madzi. Ndinaima pakati pa Zambezi ndikutafuna. Tsidya linali litayandikira moti tinayamba kumva wailesi ikuimba nyimbo za azungu, ndi munthu wina akuseka. Ndinaganiza kuti akadzandipeza m'mawa, anzanga ku ofesi adzauzidwa kuti kalaliki anafera dziko lake mbatata ili kukhosi. Nditameza chomaliza, apongozi anachotsa chitenje kumutu n'kutembenuka.

"Bwerani, atate. Kokani."

Amenewo ndiwo mawu oyamba omwe anandilankhula. Tinakoka, phewa ndi phewa, iwo akupuma mwamphamvu, ine chingwe chikundisenda m'manja. Gudumu linatuluka m'madzi, ndipo pofuna kutithokoza linagunda m'mbali mwa boti n'kulira ngati belu la sukulu.

Wailesi ija inazima. Nyali yaikulu inayaka tsidya n'kuyamba kusesa madzi. Dzanja la apongozi linandigwira pankhongo n'kundikanikiza pansi, m'madzi omwe ndinalephera kukapa, ndipo tinagona mmenemo mitu itagundana. Kuwalako kunadutsa, kunabwerera, kunaima penapake pomwe mvuu inapuma, kenako kunazima. Patapita nthawi wailesi inayambanso, ndipo mdala anayamba kupalasa mosatulutsa nkhafi m'madzi.

Tikudzuka, ndinaona kuti apongozi sakuyang'ana tsidya komwe kunali mfuti. Ankayang'ana kwathu. Kuchokera pakati pa mtsinje, kumtunda komwe madzi amakhota, kunkaoneka timoto tochepa m'mphepete mwa gombe. Kuseri kwa timoto timeneto, pachitunda, kunali moto wina wambiri, woyalidwa m'mizere, wooneka bwinobwino ngati tauni. Unali msasa uja womwe aliyense ankati ndi wobisika.

"Ni kwathu kuja?" anafunsa.

Mdala anati ndi komweko.

"Ndiye amatiwona tero usiku uliwonse?"

Mayiwo anabadwira pamudzi umenewo, anaudziwa kuchokera kudimba, kuchitsime ndi kumanda, koma anali asanauonepo usiku kuchokera kumbali ya anthu ofuna kuuwotcha.

Tinabwerera m'bwalo lija movutikira, mphepo ikutithandiza pang'ono. Gudumu linaponyedwanso, ulendo uno ndi chingwe chonse, ndipo linagwira. Mlambe unaima malo amodzi. Apongozi anakhala pa benchi ya malire ija atayang'ana kwa ine, ndipo chinthu choyamba chomwe anachita ndi ufulu wathu watsopano chinali kundiuza kuti ndavutika mokwanira, iwo ayang'ana kumbali, ndithandizike. Anali atadziwa kuyambira dzuwa lisanalowe.

Sitinagone. Anakamba za mwana wawo, zinthu zomwe ine mwamuna wake sindinkazidziwa: kuti anabadwa chaka cha madzi osefukira, kuti amaopa bingu koma savomera, kuti akadwala amabisa mpaka agwe. Anandifunsa za amayi anga ku Chipata. Anandiuzanso kuti kulumphira kwanga m'minga kunkawaseketsa, ndipo nthawi zina ankadutsa dala njira yomwe ndili. Kutatsala pang'ono kucha, anatsitsa mawu.

"Mumutenge lero lomwe. Koma mukamuuza kuti naona moto uja, anisiya lini. Mumutenge na ukali, monga munthu wa boma. Vinango munisiyire ine."

Ndinati nawonso abwere, malo alipo. Anaseka, n'kufunsa ngati ndayamba kale kuwakonda chifukwa cha mbatata imodzi. Anati ali ndi chimanga kudimba chomwe chikufuna munthu wothamangitsa anyani, ali ndi mbuzi, ali ndi mkulu wawo wosaona yemwe sangakwere boti ngakhale atamumanga. Adzabwera akakolola, kudzaona mdzukulu. Ndinakakamira, ndipo anandiuza kuti andimasula kuti tizikamba, osati kuti ndiziwalamula.

Dzuwa litatuluka tinaliza injini, ndipo posachedwa tinafika padoko. Boti lisanagunde mchenga, chitenje chinali chitabwerera kumutu. Anatsika osandiyang'ana, ndipo asanafike n'komwe panyumba anayamba kufuula kuti mudzi wonse umve. Anati anthu a boma alibe ulemu, amusunga pamadzi usiku wonse mpaka avomere, atenge mwanayo popeza ndi zomwe akufuna, iwo atopa. Anaponya katundu wa mwana wawo pabwalo, mapoto akugubuduka. Ine ndinaima patali nditavala nkhope ya ofesi, amayi a pamudzi akundiyang'ana ngati fisi. Mdala, mboni yathu, anapeza kuti injini ikufuna kuyang'aniridwa.

Mkazi wanga analira, anagwira amake, iwo anamukankha. Anakwera boti osandipatsa dzanja. Tikuchoka, apongozi anali ataima pagombe atatifulatira monga mwa mwambo, ndipo ndinaona chomwe ndinazolowera kuona, msana ndi zidendene.

Ku Boma ndinapeza chomwe ndinkapempha: mkazi m'nyumba ya malata. Ankaphika, ankachapa, ankayankha ndikafunsa, basi. Makoswe anali ochezeka kuposa iye. Mwana anabadwa, wamkazi, ndipo tinatumiza uthenga kumudzi. Yankho linati agogo ake abwera chimanga chikangouma.

Ndege zinafika chimanga chisanaume. Tinazimva tili pa Boma, kugunda kwakutali komwe kunatenga tsiku lonse, ndipo anthu othawa anayamba kufika wapansi, ena opanda nsapato, ena opanda ana. Pomwe asilikali analola kuti tipite, ndinakwera boti lomwe lija ndi mdala yemwe uja. Ndinapeza apongozi ataikidwa kale, pamodzi ndi mkulu wawo. Anthu anati anawapeza panjira ya kudimba, atagwirana dzanja, popeza wosaonayo sakanatha kuthamanga.

Ndinabwerera ndi uthengawo, ndipo maliro atatha ndinaona kuti palibenso chobisira. Ndinamuuza mkazi wanga zonse, za chingwe, za mbatata, za moto wa pachitunda, ndi kuti kufuula kuja kunali kopangana. Ankayamwitsa mwana, ndipo sanadzutse mutu.

"Ninadziwa," anatero. "Amai akakalipa zoona sanali kupanga chongo. Anali kukhala zii."

Ndinamufunsa chifukwa chake anandikwiyira miyezi yonse ija ngati ankadziwa.

"Manje nikanakalipira ndani?"

Anasamutsira mwana ku bere lina, n'kundiuza kuti nditseke chitseko, mphepo ikulowa.